Kapeti Yofiira ya Bwana Wanderlei

Barra do Cedro, 3 Marichi 2025

Jandira mdzukulu wanga,

Mulungu akudalitse, ngakhale sunapemphe. Ine Vô wako, agogo ako, kuno ndili bwino, kupatula bondo lakumanzereli lomwe layamba kulosera mvula molakwitsa ngati munthu wa pawailesi. Amayi ako Zenaide uwapatse moni, uwauze kuti bambo awo akadali moyo, asayambe kugawa mipando.

Ndikulemba kalata chifukwa iwe foni umadana nayo, ine ndikaiika kukhutu ndimangomvamo udzudzu. Ndiye a positi adyepo.

Chipinda chako chili momwe unachisiyira. Tebulo lili pawindo, makapu ako ali pamzere wake, yaikulu kumanzere. Dzulo ndinalowamo kukasesa ndipo ndinapezeka ndikuyenda monyang'ama, kuopa kukusokoneza. Zaka zonsezi wakhala m'menemo ukusaka zolakwika m'makompyuta a kampani yako, palibe anadandaula. Lero kwatulukira munthu wa tayi, akuti aliyense abwerere ku ofesi, Lolemba mpaka Lachisanu. Kodi kompyuta ya ku Belo Horizonte imaganiza kuposa ya kuno?

Amene wakondwa ndi tambala wathu Kolonelo yekha. Paja ndinkamuvundikira m'dengu mpaka iwe utamaliza msonkhano wa m'mawa. Tsopano akulira pakhonde penipeni, akundiyang'ana m'maso. Winanso wakondwa ndi Dona Quitéria wa kuseri kwa tchalitchi. Chichokereni iwe, mayiyo wazindikira kuti ndine wamasiye ngati iyeyo. Amabwera ndi keke ya chimanga, ine ndimathawira m'munda wa khofi n'kukhala chete ngati nyama.

Undilembere zonse. Ukudya? Ukugona? Akukulola kuvala zotsekera m'makutu zija? Unditumizirenso dzina la bwana wakoyo ndi pomwe pali ofesi yanu, msewu ndi nambala. Ndikufuna kumutumizira kathumba ka khofi wa m'munda mwathu, adziwe kuti kwanu kuli anthu.

Vô wako,
Anacleto

Belo Horizonte, 11 Marichi 2025

Ndidalitseni, Vô.

Ndiyankha mafunso anu mwa dongosolo lake. Ndikudya pang'ono. Sindikugona bwino. Zotsekera m'makutu andiletsa.

Bwana ndi Seu Wanderlei Pimenta. Adiresi ndailemba kuseri kwa pepalali. Khofi amamwa, koma amathira shuga wambiri, ndiye musatumize wabwino kwambiri.

Ofesi ndi chipinda chimodzi chachikulu chopanda makoma. Palibe amene ali ndi tebulo lakelake. Ukafika umakhala pomwe wapeza, ndiye tsiku lililonse ndimayamba n'kuphunzira malo atsopano. Nyale za kudenga zimalira. Anzanga akuti sakumva kanthu, koma zimalira. M'mawa aliyense amapsompsona mnzake patsaya. Ndikabweza mutu amafunsa ngati tayambana. Pafupifupi sabata iliyonse wina amakumbukira tsiku lake lobadwa, amazimitsa nyale mwadzidzidzi n'kuyamba kuimba ndi kuwomba m'manja. Ine ndimakhala m'chimbudzi mpaka atatha.

Ndinapita kwa Seu Wanderlei kukamukumbutsa kuti ndili ndi otizimu, kuti kampani inkadziwa kale pondilemba ntchito. Anamwetulira n'kunena kuti, "Jandirinha, tonse tili nako kaotizimu pang'ono. Pano ndife banja. M'banja sitivala zotseka makutu." Kenako anandigwira paphewa. Dzina langa si Jandirinha.

Sabata yatha ndinalakwitsa ntchito kawiri. Kwanu sindinalakwitsepo chotere. Ananena pamaso pa onse kuti amene sakutha kukhala m'banja chitseko chili apo. Ndinayang'ana chitsekocho, anthu anaseka.

Ndikafika kunyumba mawu amakhala atandithera. Amayi amandifunsa za tsikulo, ine ndimangowayang'ana. Ntchitoyi ndimaikonda, Vô, ndipo ndimaidziwa. Sindikufuna kuitaya. Koma sindikudziwa ngati ndifika Juni.

Lachisanu ndiye ndimapumako, chifukwa Seu Wanderlei sitimuona. Amakhala m'chipinda chake cha pamwamba, pamisonkhano tsiku lonse, ndipo amatilankhula pakompyuta.

Kolonelo musamuphe chifukwa cha ine.

Jandira

Barra do Cedro, 17 Marichi 2025

Nivaldo mwana wanga wa ku ubatizo,

Mulungu akudalitse, iwe ndi mimba yakoyo. Ndamva kuti bizinesi ya galimoto ya mauthenga, ija yokalengezera anthu mawu achikondi pakhomo pawo, ikuyenda, kuti theka la akazi a mu Belo Horizonte alirapo pa kapeti yako. Ndinakugwira pa ubatizo ukundikodzera jekete, ndipo sindinakupemphepo kanthu. Lero ndabwera.

Kuli munthu wina dzina lake Wanderlei Pimenta. Adiresi ndi iyo pansipo. Munthu ameneyu amakonda banja, amakonda kuimba, amakonda kugwira anthu paphewa. Ndikufuna alandire zonsezi tsiku limodzi, mpaka zimutuluke m'mphuno.

Upite Lachisanu pa 4 Epulo, m'mawa, chifukwa Lachisanu amakhala pamwamba osatuluka. Uimike galimoto pakhomo penipeni pa ofesi. Zimkuzamawu zonse, ngakhale chija unati chimagwetsa matailosi. Uyale kapeti yofiira. Makombola usaumire. Umuitane ndi dzina lake lonse, atsike, aime pakapeti msewu wonse ukuonerera. Ndikudziwa lamulo la ntchito yanu, kuti galimoto sichoka mwini uthenga asanaime pakapeti. Lamulo limeneli uligwire ngati chikhulupiriro.

Uthenga wake ndi uwu, uwerenge ndi mawu ako olira aja:

"Wanderlei, Wanderleizinho, tate wa banja lathu. Iwe amene sungagone usanatione tonse. Iwe amene mtima wako ndi waukulu kuposa chipinda chopanda makoma. Tsika, tikupsompsone."

Ukatero umukumbatire. Usamusiye msanga. Umupsompsone masaya onse, ndipo usamete ndevu kuyambira lero. Ukatha iweyo aitanidwe wogulitsa chinangwa chokazinga pakona, mlonda, ndi aliyense wodutsa amene ali ndi thukuta. Kenako umupatse chimkuzamawu alankhule, paja mumatero. Akafunsa amene watumiza, unene kuti ndi banja.

Wanderlei ameneyu wandilanda mdzukulu m'nyumba, wakamuika pansi pa nyale zolira, wamuseketsa pagulu. Ine sukulu ndinalekera kalasi yachinayi, sindingathe kumulembera kalata ya maloya. Koma kuchititsa munthu manyazi ndinaphunzira mpaka kumapeto.

Malipiro ako ndi kankhumba kaja unakasirira pa Khirisimasi. Kakula, tsopano kakufanana nawe.

Zenaide asamve. Jandira asamve, iyeyo akudziwa za khofi basi.

Atate ako a ku ubatizo,
Anacleto

Belo Horizonte, 26 Marichi 2025

Ndidalitseni, Vô.

Kalata iyi ndi yaifupi. Ndinalembera Dona Marília, mwini kampani, amene amakhala ku São Paulo. Wandiyankha. Akuti adzafika ku ofesi Lachisanu pa 4 Epulo m'mawa, osauza aliyense, ndipo adzandipatsa nthawi yoti ndilankhule naye patokha. Ndakuuzani inu nokha chifukwa simugwira ntchito pano.

Ndakonza zoti ndikanene. Ndikumaziyeserera pagalasi madzulo aliwonse. Ndikapempha tebulo langalanga, zotsekera m'makutu, ndi masiku ena ogwirira ntchito kwanu. Ndikalankhula bwino tsiku limenelo, ntchito ndiisunga.

Ndikufunitsitsa kuti tsikulo likhale lachete. Ngati khofi uja simunatumize, musatumize sabata imeneyo. Akhoza kuganiza kuti ndi chiphuphu.

Jandira

Belo Horizonte, 6 Epulo 2025

Bambo,

Madalitso sindikupempha, ndipo za bondo lanu sindifunsa.

Nivaldo waulula zonse. Ndinangomugwira khutu kamodzi.

Lachisanu anandiimbira foni kuntchito kuti ndikatenge mwana wanga. Ndinapeza msewu watsekeka, mabasi akuliza mahutala, utsi wa makombola uli tolo, ndipo pakati pa zonsezi pali Nivaldo, ndevu ngati tchire, akulira pa chimkuzamawu kuti Wanderleizinho tsika. Mlonda anamuuza kuti achoke. Iye anati, "Achimwene, lamulo la ntchito. Ine ndichoka munthu akaima pakapeti."

Mukudziwa komwe ndinamupeza Jandira? M'kachipinda kosungira matsache. Khombola loyamba litaphulika anagwa pansi pakati pa ofesi, atagwira makutu, akukuwa. Anthu onse aja anaona. Ena anathamangira kukamugwira, zomwe zinangoonjezera moto. Anakwawa mpaka m'kachipindako n'kudzitsekera. Nditamutulutsa anali atadziluma dzanja mpaka magazi. Tsiku lomwe anakonzekera kulankhula ndi mwini kampani, Bambo. Mawu onse aja ankayeserera pagalasi, sanatulutse ngakhale limodzi. Mpaka lero sanayambe kulankhula.

Popeza ndikudziwa kuti mukufunitsitsa kumva za mdani wanu, imvani. Sanatsike chifukwa kunalibe. Dona Marília atatopa ndi phokoso anakwera yekha pamwamba kuti akamutsitse. Anapeza chitseko chokhoma. Anamuimbira pakompyuta anthu akumva, iye n'kuyankha kuti ali pamwamba pomwepo, pamsonkhano wofunika. Ali pakati polankhula, kumbuyo kwake kunalira tambala. Munthuyo Lachisanu lililonse amakhala ku famu yake, atavala shati ndi tayi kumtunda, kumunsi kabudula.

Ndikukuonani mukuseka. Sekani. Koma dziwani kuti dzina la Jandira ndi lomwe lili pakamwa pa aliyense, ndipo sitikudziwa ngati akadali pantchito. Anakukhulupirirani. Munati khofi, iye anamva khofi, chifukwa mwana uja munthu akanena chinthu amatenga chomwecho. Inu mukudziwa zimenezi kuposa tonse.

Musabwere. Musatumize kanthu.

Zenaide

Barra do Cedro, 10 Epulo 2025

Jandira mdzukulu wanga,

Mulungu akudalitse.

Kalata yako ya pa 26 Marichi yafika dzulo, pamodzi ndi ya amayi ako. Wapositi akuti inakagona ku Barra ina, ya kumpoto. Ndinamuuza mawu omwe sindingalembe pano. Ikanafika pa nthawi yake ndikanamuletsa Nivaldo, ngakhale kuyenda wapansi.

Ndinaganiza za makutu a Wanderlei, ndinaganiza za masaya ake, ndinaganiza ngakhale za ndevu za Nivaldo. Za makutu ako, omwe ndakhala ndikuwavundikirira tambala zaka zonsezi, sindinaganize. Mutu uwu ndi wongosungira chipewa.

Komabe tambala wa ku famu uja ndikufuna ndimudziwe. Ameneyo ndi m'bale wake wa Kolonelo, sindikukayika.

Dzanja lili bwanji? Undilembere ngakhale mzere umodzi, ngakhale wonditukwana.

Vô wako

Barra do Cedro, 23 Epulo 2025

Jandira,

Mulungu akudalitse. Wapositi tsopano akandiona amawoloka msewu. Pasaka ndinadya ndekha. Nthabwala ndinali nayo imodzi yabwino ya wansembe, koma ndaisunga.

Ngati akuchotsa ntchito, undiuze ndi dzanja lako. Ndisamve kwa amayi ako.

Vô

Belo Horizonte, 3 Meyi 2025

Ndidalitseni, Vô.

Dzanja lapola. Ndinayamba kulankhula Lachiwiri la sabata yotsatira. Sindinakulembereni chifukwa ndinali nditakwiya, ndipo ndikadali wokwiya.

Ntchito sanandichotse. Dona Marília anandilembera kuti ngati kulankhula kukuvuta, tikambirane polemberana. Ndinamulembera zonse zomwe ndinayeserera pagalasi, osasintha liwu. Wavomera. Lolemba ndi Lachiwiri ndizikhala ku ofesi, pa tebulo langalanga pakona, nyale ya pamwamba pake atazimitsa, zotsekera m'makutu zili kumutu. Lachitatu madzulo mpaka Lamlungu ndizikhala komwe ndikufuna. Lachitatulo ndizigwira theka la tsiku ku ofesi.

Seu Wanderlei sanachotsedwe. Chipinda chake cha pamwamba achisandutsa mosungira mapepala. Tsopano amakhala nafe pansi, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo amasaka tebulo m'mawa ngati aliyense. Anyamata akamadutsa pambali pake amalira ngati tambala chapansipansi. Dzulo anafunsa ngati nyale zija zakhala zikulira chonchi nthawi yonseyi.

Musanene kuti ndi inu mwachititsa. Mawu amene anavomerezedwa ndi anga, ndipo ndinali nawo kale galimoto yanu isanabwere. Chomwe munawonjezera inu n'chakuti anthu onse a mu ofesi anandiona ndikukwawa pansi. Ena mpaka lero amandilankhula pang'onopang'ono ngati mwana.

Munandinamiza za khofi. Ine sindinama, ndiye ndikuuzani zoona zokhazokha. Sindinasankhe ngati masiku angawo ndizikhala kwanu kapena kwa Amayi. Ndisankha pakatha Lamlungu pa 11 Meyi. Tsiku limenelo mupite ku Misa ya m'mawa, muvale jekete, ndipo potuluka muime pamasitepe a tchalitchi. Kukubwera munthu kuchokera kuno. Musathawire m'munda wa khofi.

Jandira

Barra do Cedro, 12 Meyi 2025

Jandira, mwana woipa mtima, magazi anga enieni,

Mulungu akudalitse, chifukwa ine lero zikundivuta.

Ndinavala jekete. Ndinameta. Ndinapaka nsapato mafuta. Ndinauza aliyense pa Misa kuti mdzukulu wanga akubwera, mpaka ndinaponya chopereka chapepala anthu akuona. Potuluka ndinaima pamasitepe ngati meya, maso ali kumsewu wa basi.

Kenako ndinamva nyimbo ikukwera phiri.

Ndinaidziwa galimotoyo isanakhote pakona. Ndinayang'ana kumbuyo, wansembe watseka chitseko, waima pamenepo akumwetulira. Iwe mwana, unafika mpaka kwa wansembe?

Nivaldo anatsika, ndevu zija sanametebe, n'kuyala kapeti kuyambira pagalimoto mpaka pa nsapato zanga. Ndinati, "Nivaldo, ndinakugwira pa ubatizo." Iye anati, "Atate, lamulo la ntchito." Ndinati, "Ndikulanda nkhumba." Anati, "Tinadya pa Pasaka."

Ndiye anayamba, ndi mawu ake olira aja. "Anacleto, Cletinho, njiwa ya m'munda wa khofi. Iwe amene umabisala ukamva fungo la keke. Tuluka m'masamba, pali mtima ukukudikira." Tauni yonse inali pamenepo, ngakhale a mpingo wina anatuluka m'tchalitchi mwawo. Ndipo m'galimoto munatuluka Dona Quitéria, diresi lofiira, tsitsi lopangidwa, atanyamula keke yaikulu ngati tayala. Akuti unamulembera kalata yaulemu kwambiri, yofunsa ngati angakonde kunena zakukhosi kwake pagulu. Akuti anayankha tsiku lomwelo.

Anandipsompsona Quitéria. Anandipsompsona Nivaldo, ndipo tsaya likuyabwabe. Anandikumbatira wogula zikopa, amene sasamba chifukwa cha chikhulupiriro chake chomwe sitikuchidziwa. Wina aliyense ankandigwira, kumutu, paphewa, pamsana, ndipo nyimbo ija inkalowa m'khutu langa labwinoli ngati msomali. Kenako makombola. Ndinkadziwa kuti akubwera, ine ndemwe ndinati asaumire, komabe loyamba litaphulika ndinagwira makutu. Anandipatsa chimkuzamawu kuti ndilankhule. Ine Anacleto, amene ndinaseketsapo anthu pamaliro a mkazi wanga yemwe, ndinatsegula pakamwa ndipo simunatuluke kanthu. Maso anga ankangosaka kachitseko kam'mbali mwa tchalitchi, komwe amasungira matsache.

Zanga zinatha Quitéria atadula keke. Zako zinali Lolemba mpaka Lachisanu.

Wabwezera bwino. Ndikanakhala ine ndikanawonjezera gulu la ng'oma, koma ndiwe wamng'ono, uphunzira.

Tsopano imva zomwe zachitika kuno. Belu la pageti ndachotsa. Kolonelo sindinamuphe, paja unakana. Ndamupereka kwa Quitéria, akalire kuseri kwa tchalitchi, ndipo ameneyo ndiye malowolo onse amene mayiyo adzaone kwa ine. Vuto n'lakuti tsopano akuti tili paubwenzi, tauni yonse ndi mboni. Wabwera kale kawiri lero. Ndamuuza kuti kuyambira Lachitatu madzulo mpaka Lamlungu pakhomo pano salankhulapo munthu, ndi lamulo la ntchito. Lolemba ndi Lachiwiri ndiye ndilibe pothawira. Ngati uli ndi zotsekera m'makutu zina zakale, undibweretsere.

Sunanene kuti wasankha kuno. Sindikufunsa. Ndangosesa m'chipinda, makapu sindinawakhudze.

Lachitatu ndikakhala pa siteji basi yamadzulo ikamafika. Ukatsika sindikukumbatira, sindikufunsa za ulendo. Ndingonyamula chikwama, tizikwera phiri.

Vô wako,
Anacleto